Za Zipangizo Zathu: Kuonjezera RAM ya Laputopu

Mwezi uno tikambirane za laputopu yoyenda mwaulesi. Kaŵirikaŵiri nthenda yake ndi kuchepa kwa RAM, kathabwa kamene kamasunga ntchito yomwe makina akugwira panthaŵiyo. Mankhwala ake ndi kuonjezera kena, koma tisathamangire kusitolo ndi ndalama zopeza movutikira tisanafufuze.

Timathabwati tili m'mitundu: ka DDR3 kali ndi mano 204, ka DDR4 260, ka DDR5 262. Kampata kodulidwa pamzere wa manowo kali pamalo osiyana, kotero mtundu wina sungaloŵe pamalo a unzake, tikakakamiza tithyola. Choncho tiyambe taŵerenga kapepala komatidwa pa kathabwa kakale, tionenso m'buku la makinawo kukula kwa RAM imene angalandire. Pa malaputopu ena RAM inachita kuotcheredwa, ndipo siingasinthidwe konse.

Tikaphatikiza kathabwa ka DDR4 kothamanga 3200 ndi kena ka 2400, timathabwa tonseto timayenda pa liŵiro la 2400. Kofulumira kamadikira kochedwa. M'banja la Chikhristu namonso nchimodzimodzi: wamphamvu akamadikira wofooka, onse amafika pamodzi.