Sitiroko: masabata oyamba amaulula mmene munthu ankakhalira

Munthu wa m'mapiri a Ntchisi kapena kumidzi ya ku Dowa akagwa mwadzidzidzi, pakamwa patakhota, mkono utalobodoka ndipo mawu akutuluka movutikira, abale amayamba ndi kufunafuna njinga ya kabaza kapena ngolo. Akafika pachipatala cha boma, kapena cha mishoni ngati cha Madisi, nthawi imakhala itapita. Makina ounikira mu ubongo amafuna ulendo wina wa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, chonsecho mankhwala osungunula magazi oundana amathandiza pokhapokha ataperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka.

Kwa anthu ambiri akumidzi mwayi umenewu ndi wosafikirika. N'chifukwa chake chimene chimalamula kwambiri ngati wodwala adzuke kapena ayi ndi thupi limene wafika nalo kuchipatala, komanso chisamaliro cha masabata oyamba.

Mdani wamkulu ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009, yemwe unduna wa zaumoyo udachita mogwirizana ndi bungwe la WHO, adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'dziko muno ali ndi vutoli, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. BP yosasamalidwa imafooketsa mitsempha mpaka kuphulika mu ubongo, ndipo sitiroko ya mtundu umenewu ndiyo imapha kwambiri m'masiku oyamba. Mchere umakolezera motowu. WHO imati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasipuni kamodzi ka tiyi, koma usipa wouma, kanyenya ndi chipisi chapamsika zimadyedwa ndi mchere wapambali.

Dowa ndi kuchimake kwa fodya, ndipo chingambwe n'chosavuta kupeza. Utsi umawononga mitsempha ndi kufooketsa mapapo, kotero wosuta akagona pamphasa chibayo sichichedwa kumupeza. Dziko la Malawi lidavomereza pangano la WHO lolimbana ndi kusuta fodya mu 2023, koma pangano silizimitsa ndudu ya munthu kuseri kwa chigafa. Kachasu naye amakweza BP, ndipo womwa mwauchidakwa akagwa, anzake amangoti waledzera, n'kumusiya kuti agone. Maola opulumutsira moyo amathera pomwepo.

Anthu akumapiri ali ndi mwayi umodzi: kulima, kutunga madzi ndi kukwera zitunda. Kafukufuku wa m'maiko ena akuonetsa kuti anthu amene matupi awo adazolowera ntchito kawirikawiri amagwidwa ndi sitiroko yocheperako mphamvu. Komabe khasu silichiza BP, ndipo mlimi wamphamvu naye ayenera kukayezetsa.

Kuno kwathu pali chinanso. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe adasindikizidwa mu 2012, adapeza kuti wodwala sitiroko mmodzi mwa atatu adali ndi HIV. Choncho matendawa si a okalamba okha, ndipo kuyezetsa magazi ndi kumwa ma ARV mokhulupirika n'kofunika ngati kuchepetsa mchere.

Wodwala akabwerera kumudzi, moyo wake umakhala m'manja mwa omusamalira. Kumumwetsa phala atagona chagada kumalowetsa chakudya m'mapapo. Kumusiya osamutembenuza kumabala zilonda. Kusiya mankhwala a BP poganiza kuti walodzedwa kumaitana sitiroko yachiwiri, yomwe chiopsezo chake chimakula kwambiri m'masabata oyambirirawo. Mafizo oyamba msanga, motsatira malangizo a achipatala, amathandiza ziwalo kubwerera.

Funso kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma awiriwa si la makina okwera mtengo okha. Kachipangizo koyezera BP m'manja mwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, mankhwala osasowa pachipatala chaching'ono, ndi maphunziro kwa omusamalira wodwala asanatuluke m'chipatala, zikhoza kupulumutsa anthu ambiri amene ambulansi siingawapeze nthawi yabwino.