Fakitale zikamafika ku Dowa, akuluakulu afunse za madzi otsukira mpweya

Fakitale ya feteleza imene mwini kampani ya Mtalimanja Holdings, a Napoleon Dzombe, anayamba kumanga m'boma la Dowa yadzetsa funso limene kale linali la ku Kanengo mu Lilongwe ndi ku Makata mu Blantyre: kodi nthunzi ya mankhwala yotuluka m'fakitale idzagwidwa ndi chiyani isanafike kwa anthu?

Lamulo loona za chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe zisanayambe. Lipoti likangonena kuti fakitale idzakhala ndi makina otsuka mpweya, amene akatswiri amawatcha scrubber, mawuwo sakwanira. Makinawa ndi thanki lalitali limene mpweya woipa umalowera pansi nkumakwera, pamene madzi akuwazidwa kuchokera pamwamba. Amene amagwira ntchito ndi madziwo, ndipo nthunzi iliyonse ili ndi madzi ake.

Fakitale yongosakaniza feteleza wopangidwa kale vuto lake lalikulu ndi fumbi. Koma kumene amaumba timibulu ta feteleza ndi kutentha kumatuluka ammonia, mpweya wotsamwitsa ndi woyabwa m'maso. Madzi wamba amaugwira pang'ono chabe kenako amakhuta. Ofunika ndi madzi othira sulphuric acid pang'ono, ndipo ubwino wake ngwakuti zotsalira zake ndi ammonium sulphate, amene ndi feteleza kale, kotero akhoza kubwerera m'matumba.

Nthunzi ya asidi, monga sulphur dioxide, imafuna zosiyana ndi zimenezi: caustic soda kapena laimu. Kusankha pakati pa ziwirizi ndi nkhani ya chuma, osati ya sayansi yokha. Soda imagwira mpweya mwamphamvu ndipo sitseka mapaipi msanga, koma imagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene zakhala zikusowa, nkuyenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira kapena Nacala. Laimu timakumba konkuno, monga m'boma la Balaka, ndipo ngwotsika mtengo, koma amasiya matope ambiri ndi zokakamira zimene zimatseka timabowo towazira madzi. M'maganizo athu, fakitale yosankha soda iyenera kuonetsa kuti idzakhala ndi nkhokwe ya miyezi ingapo, ndipo yosankha laimu ionetse amisiri ake ndi dzenje la matopewo. Ngakhale madzi a pamjigo ayenera kupimidwa, pakuti amene ali ndi laimu wachilengedwe wambiri akasakanizidwa ndi soda amasiyanso zokakamira.

Malo nawo ali ndi mbali yake. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, usiku wa mu June ndi July mpweya wozizira umatsikira m'zigwa ndi m'madambo nkukhazikika mpaka dzuwa litakwera, monga mmene nkhungu imachitira. Nthunzi yothawa m'fakitale pa nthawi yotere simwazika msanga, ndipo kumadamboko ndi kumene kuli madimba, zitsime ndi msipu wa ziweto.

Madzi otsukirawo akatha mphamvu, poizoni amene anali mu mpweya amakhala ali m'madzimo. Akatayidwa mosasamala, mathero ake ndi mitsinje monga Lingadzi ndi Bua, ndipo mu Bua ndi mmene nsomba za mpasa zimakwera kukaswana. Apa lamulo la za madzi la 2013 ndi bungwe la National Water Resources Authority zili ndi gawo, monganso lamulo la 1997 loteteza umoyo wa anthu pantchito lili ndi gawo mkati mwa fakitale.

Chotsala ndi magetsi. Pampu ikaima chifukwa cha kuthima kwa magetsi, thanki lija limasanduka chumuni wamba. Ku Bhopal m'dziko la India, mu December 1984, fakitale ya Union Carbide inali nawo makina otsuka mpweya ogwiritsa ntchito caustic soda, koma usiku wa ngoziyo sanathe kugwira mpweya wa poizoni umene unatuluka, ndipo anthu zikwizikwi anafa. Woyendera fakitale wochokera ku MEPA kapena kukhonsolo asangoona thankilo nkubwerera. Apemphe buku lolembamo mphamvu ya madziwo tsiku ndi tsiku, malisiti ogulira mankhwala, ndipo jenereta yoyendetsa pampu ailize iye ali pomwepo.