Buku lingalowe ndi kukhutu

Ife a ku Mtendere timaidziwa bwino nthawi imene imatayika pakati pa nyumba ndi nchito. Ukwela basi kukali cisisila, kondakitala akuti "kwasala mmodzi cabe, tiyende" pamene mipando itatu ikali yopanda munthu. Mukanyamuka mulowa mu Alick Nkhata Road, mupita pa Kalingalinga, ndipo musanafike pa Longacres mwaima kale m'jamu. Madzulo cimodzimodzi, kuwonjezelapo mzele wa pa sitesheni m'tauni.

Tiyeni tiwelengele. Tinene kuti ola limodzi m'mawa, lina madzulo, masiku asanu pa sabata. Amenewo ndi maola 10 pa sabata, ndipo pa caka afika pafupifupi 500. Ena amawodzela, ena amakangana za mpila, ambili timangoyendetsa cala pa foni mpaka bundle itatha. Ine ndikuti maola amenewa ndi cuma, ndipo munthu wa m'basi angawasandutse sukulu yake. Kuwelenga ndi maso m'basi ndi kovuta, tonse tidziwa: mwapanikizana anayi pa mpando, cikwama cili pamiyendo, basi igunda m'dzenje, mutu uyamba kuzungulila. Koma khutu silifuna malo. Buku lingalowe ndi kukhutu.

Buku lomvetsela, limene pa Cizungu amati audiobook, si cinthu codabwitsa ai. Ndi buku lomwelo la pepala, koma munthu wina analiwelenga mokweza ndi kujambula mau ake. Mabuku otele anayambila kwa anthu osaona. M'zaka za m'ma 1930 ku America ndi ku Britain anayamba kujambula mabuku pa malekodi a galamafoni, ndipo ku Britain mu 1935 ena mwa oyamba kuwalandila anali asilikali amene anataya maso pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pambuyo pake panabwela makaseti, kenako ma CD, manje zonse zalowa m'foni. Cimene cinapangidwila osaona cakhala cothandiza aliyense amene maso ndi manja ake ali pa nchito: wosoka zovala, wocapa, mlonda wa usiku, mai wogulitsa pa msika, ndi ife okhala m'jamu.

Wina asakunamizeni kuti izi ndi za azungu. Mseu umene timayendamo tsiku lililonse uli ndi dzina la Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi wa pa wailesi ya Central African Broadcasting Station kuno ku Lusaka, amene anaphedwa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukila dela la Mkushi. Mu 1949 panabwela kawailesi kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, ka mtengo wa mapaundi 5. Makolo athu anali kukazungulila madzulo, ambili a iwo osadziwa kuwelenga, koma nkhani za dziko anali kuzidziwa. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 panali Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa Radio Zambia. Munthu mmodzi anali kusintha mau, kukhala mfumu, kukhala nkhalamba, kukhala fisi, ndipo nyumba yonse inali kukhala cete. Funsani akuluakulu a m'komboni, akali kumukumbuka. Nkhani zake zina Ernst Wendland anazilemba m'buku, kutanthauza kuti izo zinayamba ndi mau, pepala linabwela pambuyo. Ndipo kuyambila mu 2000 ana ambili amene analibe malo pa sukulu anaphunzila kupyolela m'pulogalamu ya pa wailesi ya Taonga Market. Kuphunzila ndi khutu takhala tikucita kuyambila kale.

Ine cimene cinanditsegula maso ndi nkhani ya azakhali anga. Anagulitsa pa msika zaka zambili, ndipo usiku uliwonse asanagone anali kuwelenga. Ng'ala itagwila maso awo, magalasi anasiya kuthandiza. Sanadandaule za kuphika kapena kuyenda, anadandaula za buku. Mwana wanga wamkazi anawaikila Cipangano Catsopano ca mau m'kafoni kawo ka mabatani, ndipo patapita milungu ingapo anati, "Iyi namvela yonse, manje nifuna nthano." Tinafunafuna, sitinapeze. Ndiye mdzukulu wawoyo anatenga buku lakale la Cinyanja limene linali m'sutikesi, nayamba kuwawelengela mutu umodzi Sondo iliyonse, foni ili kujambula kuti ambuya azibweleza mkati mwa sabata. Poyamba mwana anali kupunthwa pa mau, ambuya namuwongolela: "Sitikamba conco, iwe, bwelezapo." Pofika mutu wacisanu anali kuwelenga mosadodoma. Anapindula awili, nkhalamba inabwezeledwa buku lake, mwana anapeza cilankhulo ca kwao.

Za mtengo musaope. Mau sadya bundle ngati mavidiyo. Ola limodzi la munthu wokamba cabe limatenga pafupifupi 30 MB, ndiye kuti 1 GB ingasunge maola opitilila 30. Mungakopele pamene pali Wi-Fi ya ku nchito, kapena mnzanu akutumizileni pa Bluetooth, mukaika pa memory card mwatha. Sipafunika foni yodula, ngakhale ka mabatani kamaliza mp3, ndipo batile yake imakhalitsa. Tonse tikumbuka 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, malaiti n'kumapita maola ambili. TV inakhala cabe ngati kabati, buku la pepala linafuna kandulo, koma kafoni kanali kukamba mumdima.

Bvuto lili pa zimene tingamvetsele. Amene amamva Cizungu ali ndi mwayi: pa LibriVox, imene inayamba mu 2005, anthu odzipeleka anajambula mabuku akale masauzande ambili ndipo ndi aulele. Palinso ogulitsa monga Audible, koma kumeneko m'pofunika ndalama mwezi ndi mwezi. M'Cinyanja cimene mungapeze mosavuta ndi Baibulo ndi maulaliki. Cipangano Catsopano conse cimatenga maola pafupifupi 20, ndiye kuti masabata awili a m'basi mwatsiliza. Ampingo anacita bwino, tiwayamikile. Koma nanga mabuku ena? Nthondo la Samuel Ntara linatuluka mu 1933. Pali Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe a John Gwengwe, pali Zomfula la Jacob Zulu. Ambili tinakumana nawo pa sukulu, kenako tinasiyana nawo. Ali m'mashelefu ndi m'masutikesi, alibe mau.

Apa ndipo ndikupempha amene ali ndi mphamvu. A Zambia Educational Publishing House ndi ena osindikiza, mabuku a zilankhulo zathu apatseni mau, muwagulitse pa mtengo wa talk time, tizilipila pa mobile money. A ZNBC, basi yathu imapita pakhomo panu pa Mass Media tsiku lililonse, ndipo Radio 1 imaulutsa m'zilankhulo zisanu ndi ziwili. Zakale zimene munasunga, monga nthano za a Chongo, zitulutseni kuti mwana wa ku Mtendere azimve pa foni. Ndipo inu acinyamata amene muli ndi tumasitudiyo m'komboni, maikolofoni imene mujambulila nyimbo ingajambulenso buku. Koma pemphani cilolezo kwa wolemba kapena wosindikiza musanafalitse. Kuwelengela ambuya anu kunyumba ndi nkhani ina, kugulitsa thukuta la mnzanu pa memory card ndi kuba.

Komabe buku la mau silithandiza munthu amene sadziwa kumvetsela, ndipo apa ambili tadwala. Cinyanja cimasiyanitsa bwino: pali kumva, pali kumvetsela, pali kumvetsa. Kumva kumacitika kokha, ngakhale hutala ya basi umaimva. Kumvetsela ndi nchito, umacita kufuna. Kumvetsa ndiwo malipilo ake. Ine ndinaphunzila ndi ndalama zanga. Amalume anatumiza voice note kucokela ku Katete, yokamba za tsiku loika mwala pa manda a agogo. Inali yaitali, ndiye ndinaithamangitsa pa 2x uku ndikuyang'ana zina. Ndinamva "Ciwelu", ndinagula tikiti, ndinapita. Kufika kumudzi, anthu ali kumunda, palibe cokonzeka. Amalume anali atanena momveka kuti si Ciwelu ici koma cinaco. Anandiyang'ana nati, "Mphwanga, unamva koma sunamvetsele." Ndalama ya ulendo inapita, manyazi anatsala.

Zotele zimacitika tsiku ndi tsiku. Namwino afotokoza kamwedwe ka mankhwala, ife tivomeleza ndi mutu, kufika kunyumba tifunsa aneba. Kasitomala auza telala msinkhu wa diresi, telala ali pa foni, nsalu iwonongeka. M'nyumba mkazi akamba, mwamuna akonza kale yankho asanamve funso. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, anatelo akale.

Makolo anali ndi njila yophunzitsila khutu. Wosimba nthano akati "Panangokhala", omvela anali kuyankha "Tili tonse", ndipo anali kuyankhabe mpaka nthano itatha. Ukasiya kuyankha, aliyense anali kudziwa kuti wagona. Womvela anali ndi nchito yake. Buku la mau lingatibwezele luso limeneli ngati tilicita mwadala. Yambani ndi mphindi 15, osati ola lonse. Maganizo akathawila ku lendi, bwezani kumbuyo pang'ono, palibe amene adzakusekani. Foni ikhale m'thumba, cifukwa khutu ndi cala sizigwila nchito pamodzi. Mukaseluka, dzifunseni kuti ndamva ciani, ndipo madzulo simbilani wina m'mau anuanu. Ngati simungathe kusimba, simunamvetse. Mudzaona kuti munthu amene wazolowela kutsatila nkhani ya mphindi 40 amayambanso kulola mnzake kutsiliza mau asanamudule.

Ndidziwa amene adzati uku ndi ulesi, kumvetsela si kuwelenga. Pa mwana ali ndi mfundo. Mwana afunika kudziwa zilembo ndi maso ake, cifukwa mayeso, fomu ya ku banki ndi uthenga wa mobile money sizidzamuwelengela zokha. Foni isalowe m'malo mwa mphunzitsi kapena kholo. Koma mwana amene amamva nkhani zambili amakhala ndi mau ambili, ndipo akakumana nawo papepala sakhala alendo. Mupatseni buku m'manja, mau ali kukhutu, cala cizitsata mzele. Koma kwa wamkulu amene amacoka m'nyumba kuli mdima n'kubwela kuli mdima, kusankha si pakati pa pepala ndi khutu. Kusankha kuli pakati pa khutu ndi kukhala wopanda buku konse.

Cenjezo lilipo. Khutu limodzi lisiyeni lotseguka, kuti mumve kondakitala akafunsa oseluka, ndi kuti musaiwale chenji yanu. Podutsa mseu cotsani mahedifoni, galimoto siidziwa kuti muli pa mutu wokoma. Foni musaionetse pawindo m'jamu. Ndipo musakweze kwambili pofuna kupambana sipika ya ba driver. Bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti voliyumu isapitilile 60 pelesenti, cifukwa khutu likawonongeka ndi phokoso silibwelelanso. Kwa ba driver ndi ba kondakitala pempho langa ndi laling'ono: m'mawa umodzi pa sabata cepetsankoni nyimbo, kapena muike nthano. Mungadabwe kuona basi yonse ili cete, ngakhale aja okangana za chenji.

Jamu ya pa Longacres sidzatha mawa, ndipo ife sitidzasamuka ku Mtendere cifukwa ca iyo. Maola 10 aja sabata ino adzapita, kaya tawagwilitsila nchito kapena ai. Pa Mande ikani kanthu kamodzi m'foni, mumvetsele mpaka m'tauni. Ndipo ngati kunyumba kuli nkhalamba imene maso anaithela, tengani buku lili m'sutikesi, mukhale pafupi nayo pa Sondo, muyambe mutu woyamba. Ikakuwongolelani mau, musakwiye, bwelezani.