MLANGIZI WA MSASA NDIYE KHOLO LA ANA A MTUNDU

Kholo likatumiza mwana wake ku msasa wa acinyamata, limaika cuma cake conse m'manja mwa munthu mmodzi, ndiye mlangizi. Cifukwa cake tikuona kuti nkoyenera kukumbutsa onse amene amasonkhanitsa anyamata ndi atsikana m'misasa m'boma la Luangwa, kaya ndi a Boma, a sukulu kapena a mipingo, za kulemera kwa udindo umene ausenza.

Dziko lathu lili ndi mbiri pa nkhani imeneyi. Zambia National Service inakhazikitsidwa mwa lamulo m'caka ca 1971, ndipo kuyambira 1975 Boma la Dr Kenneth Kaunda linalamula kuti omaliza Fomu 5 azipita kumisasa kukaphunzira usilikali ndi ulimi. Masiku amenewo adani anali pakhomo. Pa 6 March 1978 asilikali a Ian Smith anaukira msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA ku Kavalamanja, m'boma lomweli la Luangwa, ndipo asilikali athu pamodzi ndi anthu a m'midzi anataya miyoyo. Koma tisaiwale kuti cimene cinaimitsa maphunziro okakamiza aja sicinali mfuti za Smith ai. Anali matenda a typhoid amene anabuka m'misasa ina ca m'ma 1980 ndi kupha ena mwa ana athu. Matendawa amafala ndi madzi oipa ndi cakudya cosasamalika, zinthu zimene mlangizi watcheru amaziona msanga.

Motero nchito yoyamba ya mlangizi ndiyo kusunga moyo. Kumene Luangwa imathira mu Zambezi nkotentha koopsa, makamaka mu October, ndipo mwana waludzu amathamangira kumtsinje. Mlangizi aonetsetse kuti madzi akumwa awiritsidwa kapena athiridwa mankhwala, kuti zimbudzi zakumbidwa kutali ndi madzi, ndi kuti aliyense akugona m'neti. Adziwe madooko okhala ng'ona ndi mvuu, ndiponso njira zimene njovu zimadzera madzulo. Awerenge ana ake m'mawa ndi madzulo. Wodwala malungo asamuyese waulesi, koma amutumize ku cipatala ca boma kapena ku Katondwe tsiku lomwelo. Za atsikana tinene mosabisa: mlangizi amene agwiritsa nchito udindo wake kunyenga mwana wa mwini ndi fisi m'khola la mbuzi, ndipo malo ake ndi m'manja mwa apolisi.

Nchito yaciwiri ndiyo mwambo. Alipo ena amene amaganiza kuti kukalipa ndi kumenya ndiko kulanga. Ife tikukana. Mwana woopsezedwa amamvera pamaso pokha. Mlangizi weniweni amadzuka poyamba, amagwira khasu pamodzi ndi gulu lake, ndipo amadya nsima ya mumphika womwewo atatsimikiza kuti onse alandira.

Nchito yacitatu ndiyo kuphunzitsa luso loyenera dera. Adani a acinyamata lero ndi njala ndi ulova. Cilala ca 2024, cimene Boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinationetsa kuti m'cigwa ca mvula yocepa si nzeru kudalira cimanga cokha. Acinyamata aphunzire kulima mapira, kuweta mbuzi, kuthirira madimba, kusodza ndi maukonde ovomerezeka, kuumitsa bwino nsomba ndi masau, ndi kusoka mphasa zimene zimagulidwa pa Luangwa Bridge. Aphunzirenso kuwerengera ndalama, pakuti tsidya lina kuli Zumbo wa ku Mozambique ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe, ndipo malonda a pamalire amafuna munthu wodziwa. Pocita zonsezi mlangizi asasankhe Mnsenga, Mcikunda kapena mwana wocokera ku Lusaka. Awatengere onse ku Kavalamanja kuti akaone kumene ena anafera mtendere umene iwo akukhalamo.

Tikupempha mafumu a m'madera a Mburuma ndi Mphuka, akhansala ndi makolo kuti asamangomva za misasa patali. Apite akaone citsime, khichini ndi pogona, ndipo afunse mafunso. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mlangizi amene sangabweze mwana kwa makolo ake ali wamoyo, wamwambo ndi waluso m'manja, asiyire ena nchitoyi.