Za Kudzutsa Injini Yokalamba

Mwezi uno ndifuna kukamba nanu za galimoto, pakuti ndaona chuma cha banja chilikutayika chifukwa cha changu.

Mlamu wanga ali nayo Land Rover yakale ya masilinda anayi, ya mtundu uja Angerezi anayamba kupanga ku Solihull m'chaka cha 1948. Inali ya atate ake, ndipo inanyamula thonje ndi odwala zaka zambiri. Itakalamba inayamba kufuka utsi wabuluu, nilephera zitunda zoyambira pa Thabwa popita ku Blantyre. Tsono madzi a namondwe Ana atasefukira mu January 2022, matope analowa m'kati mwake, ndipo inagona pansi pa msangu, nkhuku zikuikiramo mazira.

Iye anagulitsa mbuzi zitatu, nagula maringi okha, nawaika masiku awiri. Usanathe mwezi utsi unabweranso, mbuzi zija zitapita pachabe. Pamenepo anapita kwa makaniko wina wachikulire wa ku Nchalo, amene anakana kugula kanthu asanayese chitsulo chilichonse. Zimene ndinaphunzira poyang'ana ntchito yake ndi izi.

Injini ikadwala imanena yokha. Utsi wabuluu usonyeza kuti oilo alikupsa pamodzi ndi petulo, popeza maringi kapena masilinda aperepeseka. Oilo akasanduka woyera ngati mkaka, madzi alowamo, kawirikawiri chifukwa gasiketi ya kumutu yapsa. Kugogoda kochokera pansi ndiko kulira kwa mabering'i otha.

Taonani tsono pamene mlamu analakwa. Silinda yakale siikhalanso yobulungira bwino. Imakula kumtunda kumene maringi akhala akukhula zaka zonsezo. Ringi yatsopano m'dzenje lotere siitseka. Choyenera ndi kutumiza chitsulocho kwa amisiri a makina mu mzinda, kuti aboolenso masilinda, kuonjezako monga theka la milimita, ndi kugula mapisitoni a muyeso womwewo. Chomwechonso mtanda wozungulira uja autcha kirankishafuti: ukakandika aupala pang'ono, nauveka mabering'i ochindikala olingana nawo.

Pomanga, ukhondo ndiwo uyamba. Kamchenga kamodzi kotsalira m'njira ya oilo kakhoza kuononga ntchito ya mwezi wathunthu. Mkulu uja anatsuka zonse ndi parafini, nayala pa nsalu yoyera m'nyumba, osati pabwalo pouluka fumbi. Mabauti a kumutu anamanga kuyambira pakati kunka kumbali, ndi sipanala yoyesa mphamvu. Injini italira, analamula kuti makilomita 800 oyamba iyende mofatsa, yosasenza katundu wolemera, pambuyo pake oilo achotsedwe ndi kuthira wina.

Ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje tili nawo adani atatu a injini: fumbi, kutentha ndi madzi osefukira. Chifukwa chake tsukani sefa ya mpweya kawirikawiri m'chilimwe. Pa Land Rover zakale ili ndi kabeseni ka oilo kogwira fumbi, ndipo oiloyo ayenera kusinthidwa. Musathire madzi amatope a m'Shire mu radiyeta. Ndipo galimoto ikamira, musailize konse musanachotse mapulagi ndi oilo, pakuti madzi sapanikizika monga mpweya, ndipo pisitoni ikawagunda mkono wake upindika.

Mlamu anadikira miyezi isanu, kusonkhanitsa ndalama pang'onopang'ono, anzake akumseka. Koma usiku wina mdzukulu wake atakomoka ndi malungo, galimoto yomweyo ndiyo inamfikitsa kuchipatala kusanache. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu amene muli nayo injini yogona pakhomo, kaya ya galimoto, kaya ya chigayo, musagulitse mbuzi musanaitane woyesa.

Tsalani bwino kufikira mwezi wamawa.

Ndine wanu,
Mphunzitsi