Vinyo woyera wa mu mgolo wa oak: dzina lokoma silitsuka haramu



Zaka zino mwezi wa Ramadhan ukumagwa nthawi imene kuminda ya mphesa ya ku Western Cape, m'dziko la South Africa, kuli kalikiliki wokolola. Kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka cha mu Epulo, mphesa zimathyoledwa, kufinyidwa, madzi ake n'kuthiridwa m'migolo. Achinyamata athu ambiri a ku Mangochi, Machinga, Zomba ndi Nkhotakota ali komweko, ena m'minda, ena m'malesitilanti ndi m'mahotela a ku Cape Town, Stellenbosch ndi Franschhoek kumene vinyoyo amagulitsidwa. Pakati pawo, komanso pakati pa ophunzira ndi mabwana athu a m'tauni, payamba kumveka kalankhulidwe kachilendo. Akuti: "Uyu si mowa wa zidakwa ayi. Uyu ndi vinyo woyera wapamwamba, wakhwimira mu mgolo wa oak, wochokera pamunda wa banja lolemekezeka. Anthu amangolawa pachakudya." Kalankhulidwe kameneka tikukatsutsa, ndipo tikatsutsa mfundo ndi mfundo.

Tiyambe ndi kumudziwa vinyoyo, kuti wina asatinene kuti tikunyoza zimene sitikuzidziwa. Wotchuka kwambiri mwa vinyo wa mtundu umenewu amapangidwa ndi mphesa zotchedwa Chardonnay, zomwe kwawo ndi ku Burgundy m'dziko la France. Mphesa zikafinyidwa, makoko amachotsedwa msanga. Madziwo amathiridwa mu mgolo wa matabwa a mtengo wa oak, ndipo migolo yodula kwambiri imachokera ku nkhalango za ku France monga za ku Allier ndi Vosges. Mitengo yake imadulidwa itapitirira zaka 100. Matabwa amawazidwa, kuumitsidwa panja kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kenako n'kupindidwa pamoto, ndipo motowo umawauula m'kati mwa mgolo. Mgolo wa malita 225 umadzaza mabotolo 300.

M'kati mwa mgolomo yisiti imadya shuga wa mphesa n'kutulutsa ethanol. Pambuyo pake tizilombo tina timasintha kuwawasa kwa vinyoyo kuti amveke wofewa ngati batala. Wopanga amatakasa nsenga za pansi pa mgolo nthawi ndi nthawi, ndipo vinyo amakhala momwemo miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu, mpaka atatenga fungo la vanila ndi la buledi wowauula kuchokera ku thabwa. Pamenepa pali luso, pali kudekha, pali thukuta. Zimenezi sitikukana.

Tsopano titsegule botolo tione chomwe luso lonselo labala. Botolo ndi la mamililita 750, ndipo mphamvu yake imakhala pa 13 kapena 14 peresenti. Wophunzira aliyense wa fomu 2 atha kuwerengera: muli ethanol pafupifupi mamililita 100. Ethanol wochuluka choncho ndi yemwe amapezeka m'mamililita 250 a mowa waukali wa 40 peresenti. Thabwa la oak lawonjezera fungo, koma silinachotseko dontho ngakhale limodzi la chinthu choledzeretsacho. Ethanol wa m'botolo la ku Stellenbosch ndi yemweyo wa m'kachasu wotchezedwa kuseri kwa msika. Chiwindi sichiwerenga chizindikiro cha pabotolo, ndipo ubongo sufunsa kuti mgolo unachokera ku nkhalango iti. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chisilamu chinatseka khomo limeneli kalekale. Umar bin Al-Khattab (radhiya Allahu anhu) anaima pa mimbari n'kufotokoza kuti pamene lamulo loletsa linkatsika, mowa unkapangidwa ndi zinthu zisanu: mphesa, tende, uchi, tirigu ndi balere. Kenako anamanga nkhani yonse ponena kuti khamr ndi chilichonse chophimba nzeru. Izi zili mu Sahih Al-Bukhari. Mu Sahih Muslim, Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) anaika choledzeretsa chilichonse m'gulu la khamr. Mu Sunan Abi Dawud ndi mwa At-Tirmidhi anaphunzitsa kuti chinthu chimene chimaledzeretsa chikachuluka, chochepa chakenso n'choletsedwa. Ndiye mawu akuti "kagalasi kamodzi pachakudya" afera pomwepo. Anachenjezanso kuti adzapezeka anthu mu ummah wake omwa mowa atautcha dzina lina. Lero mayinawo alipo ambirimbiri, olembedwa m'Chifalansa, ndipo ena mwa ife tikuwaloweza monyadira.

Apa pali chinyengo chimene tiyenera kuchitchula poyera. Mnyamata wa pa siteji ya minibasi akamwa mowa wotchipa wa m'timabotolo, timamudzudzula mu khutba, m'madrasa ndi pamaliro pomwe. Mayi wotcheza kachasu timamuloza zala. Koma bwana wa mzikiti womwewo akalandira botolo la Chardonnay mu mtanga wa mphatso za kumapeto kwa chaka, n'kuliika pa shelefu ya pabalaza kuti alendo aliwone, pakamwa pathu pamauma. Ngati tikuletsa mowa wa wosauka n'kugwadira mowa wa wolemera, ndiye kuti chimene timadana nacho ndi umphawi, osati tchimolo. Ana athu amaona zimenezi, ndipo phunziro lomwe amatolapo n'lakuti haramu imasungunuka munthu akalemera.

Mfundo yachiwiri ya otsutsana nafe ndi ya banja. Amati mundawo ndi wa banja, agogo anabzala, bambo anasamala, mdzukulu akupitiriza, ndipo si kampani yadyera. Mawu akuti banja amatifewetsa mtima, ndipo otsatsa malonda amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amajambula nkhalamba ndi kamdzukulu pakati pa mizere ya mphesa. Koma nkhani ya cholowa cha banja inafika kale pamaso pa Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam). Abu Talha (radhiya Allahu anhu) anafunsa za ana amasiye amene anasiyiridwa mowa ngati chuma chawo. Yankho linali lakuti autaye. Anafunsanso ngati angausandutse viniga kuti anawo asaluze, ndipo analetsedwa. Nkhaniyi ili mu Sunan Abi Dawud. Taganizani: Chisilamu chimene chimaopseza ndi moto aliyense wodya chuma cha ana amasiye, chinalamula kuti chuma ichi chokha chithiridwe pansi. Ngati cholowa cha mwana wamasiye sichinauyeretse mowa, cholowa cha banja lolemera chingauyeretse bwanji?

Komanso tikamamva za mabanja a minda ya mphesa ya ku Cape, tifunse kuti ndi mabanja ati amene akuwerengedwa. Vinyo woyamba kumeneko anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck. Minda inakula ndi manja a akapolo ochokera ku Madagascar, Mozambique, India ndi zilumba za Indonesia, ndipo ukapolo unathetsedwa mu 1834. Pambuyo pake panatsala mchitidwe wotchedwa dop, wopatsa antchito vinyo kangapo patsiku ngati mbali ya malipiro awo. Lamulo linauletsa m'zaka za m'ma 1960, koma m'minda ina unapitirira mpaka m'ma 1990. Zipsera zake zikadalipo: madera ena olima mphesa ku Western Cape ali m'gulu la malo amene ana ambiri padziko lonse amabadwa ubongo utawonongeka chifukwa mayi ankamwa ali woyembekezera. Sitikunena kuti alimi onse a lero akuchita zimenezi, ndipo ambiri anazisiya. Tikunena kuti pamunda umodzi pamakhala mabanja awiri, lina dzina lake lili pabotolo, lina lili m'tinyumba ta kuseri kwa mizere. Mbiri ya vinyo wa ku Cape ndi ya mabanja onse awiriwo.

M'mbiri yomweyo muli Asilamu. Sheikh Yusuf wa ku Makassar anafika ku Cape mu 1694 atathamangitsidwa kwawo ndi Adatchi, ndipo mzikiti woyamba, wa Auwal ku Bo-Kaap, unakhazikitsidwa mu 1794. Olemba mbiri amanena kuti eni minda ankakonda kudalira akapolo a Chisilamu chifukwa sankamwa. Anthu amene analandidwa dziko, dzina ndi ufulu anakana kulandidwa nzeru zawo, ali pakati penipeni pa migolo. Zingakhale zamanyazi kuti ife, amene tinapita kumeneko ndi mapazi athu, titaye pamtengo wa kangachepe ka kasitomala chinthu chimene kapolo anachisunga ali mu unyolo.

Mfundo yachitatu ndi imene imamveka kwambiri: "Ine sindimwa, ndimangoperekera." Ophunzira za mahotela amawonjezera kuti pa phunziro la kulawa vinyo amangogwedeza m'kamwa n'kulavula. Mu Surah Al-Maidah, ndime 90 ndi 91, Allah sanangoletsa kumeza. Lamulo lake ndi lakuti titalikirane nawo mowawo. Hadith ya kwa At-Tirmidhi ndi Ibn Majah imatchula anthu khumi otembereredwa pa nkhani ya mowa: wofinya, womufinyira, wakumwa, wonyamula, womunyamulira, wothirira ena, wogulitsa, wodya ndalama yake, wogula ndi womugulira. Mwa khumiwo, wakumwa ndi mmodzi yekha. Asanu ndi anayi otsalawo atha kulumbira kuti sanalaweko, koma dzina lawo lili pamndandanda. Ndipo woperekera vinyo wapamwamba samangonyamula botolo. Amaphunzitsidwa kulitamanda, kufotokoza fungo la vanila, kulangiza kasitomala kuti ndi nsomba iyi amwere uyu. Lilime lomwe usiku likuwerenga Qur'an pa Taraweeh, masana likukometsa khamr.

Ena amabisala ku zaumoyo, kuti vinyo pang'ono amathandiza mtima. Tariq bin Suwaid (radhiya Allahu anhu) anauza Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) kuti amapanga mowa ngati mankhwala, ndipo anayankhidwa kuti mowawo ndi matenda. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988. Mu Januwale 2023, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti palibe mlingo wa mowa umene ungatchedwe wosavulaza thupi, ndipo lipoti lake la 2024 linati anthu 2.6 miliyoni anafa mu 2019 chifukwa cha mowa. Chikhulupiriro chathu sichidikira malipoti, koma amene amadalira sayansi kuti atitsutse adziwe kuti sayansiyo yawathawa. Kunena za phindu, Qur'an yolemekezeka inavomereza kale mu Surah Al-Baqarah, ndime 219, kuti mu mowa muli zothandiza zina kwa anthu, n'kugamula kuti tchimo lake ndi lalikulu kuposa phindulo. Wotiwerengera ntchito, misonkho ndi alendo odzaona minda sakutiuza chachilendo.

Tikudziwa kulemera kwa nkhaniyi. Mnyamata amene ali ku Cape Town popanda mapepala okwanira, amene ndalama yake ikulipira fizi ya alongo ake ndi kugula feteleza wa mayi ake, sangasiye ntchito ngati mmene munthu amavulira malaya. Iyeyo sitikumuponya mwala. Tikumupempha zinthu zitatu. Asatche haramu dzina lina pofuna kutonthoza mtima wake, chifukwa wochimwa wodziwa kuti akuchimwa ali pafupi ndi tawba kusiyana ndi amene walungamitsa tchimo lake. Apemphe kusinthidwa ntchito, kupita kukhitchini kapena kosamalira zipinda. Ndipo ayambe lero kufunafuna khomo lina: Cape Town ili ndi Asilamu ambiri ndi malo odyera a halal ochuluka, ndipo minda ya mphesa zodya ndi zoumitsa ilipo. Mphesa payokha ndi mtendere wochokera kwa Allah, wotchulidwa mu Qur'an pakati pa zipatso zabwino.

Mwala weniweni ukugwera ife otsala. Makolo amene timalandira ndalama mwezi ndi mwezi osafunsa kuti mwana akugwira ntchito yanji, tili ndi gawo pa mlanduwu. Amalonda a Chisilamu amene muli ndi mashopu ndi magalimoto, mwalembapo achinyamata angati kuti muwachotse kuseri kwa bala? Makomiti a mizikiti amene mukusonkhanitsa Zakaat mwezi uno, mwaikapo padera yoti ikhale mpamba wa m'bale wofuna kusiya ntchito yotere? Kumulalikira munthu kuti asiye, osamutsegulira pena polowera, ndi theka la ntchito.

Anas bin Malik (radhiya Allahu anhu) anali kuthirira anthu mowa m'nyumba ya Abu Talha pamene wolengeza anafuula kuti khamr yaletsedwa. Palibe anapempha kuti amalize kaye chikho, palibe anati uwu ndi wakale ndiponso wodula. Mitsuko inapendekedwa, mowa n'kuyenderera m'misewu ya Madina. Ramadhan imatiphunzitsa kumvera kwa mtundu womwewo. Kuyambira kum'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa timasiya madzi, chinthu cha halal chopanda chilema, chifukwa choti Allah walamula. Amene watha kusiya madzi kwa masiku 29 kapena 30 asadzinamize kuti botolo lamukanika.

Ndipo kwa amene mtima wake ukukokedwa ndi chakumwa choyera cha m'galasi, awerenge Surah As-Saffat, ndime 45 mpaka 47. Allah akufotokoza chikho chimene chidzazungulire anthu a ku Jannah: chakumwa chake n'choyera, chokoma kwa akumwa, sichipweteka mutu ndipo sichichotsa nzeru. Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) anachenjeza kuti womwa khamr padziko pano n'kufa asanalape adzamanidwa cha tsiku lomaliza. Tisagulitse chikho chimenecho ndi madzi a mu mgolo.

Allah atilandire kusala kwathu, ayeretse rizq lathu ndi la ana athu amene ali kutali, ndipo awatsegulire makomo a halal. Ameen.