PIN ya agogo si chaka chobadwa, chonde

Sabata yatha ndinafunsa a Fomu 3 kuti, "Ndani amadziwa PIN ya foni ya amayi kapena agogo?" Manja anakwera pafupifupi kalasi yonse. Nditafunsanso kuti, "Nanga PIN yakeyo si chaka chawo chobadwa?" kunangoti gwa kuseka. Ine sindinaseke ayi. Kuno ku Thyolo, ndalama zomwe munthu wavutikira kuthyola tiyi mvula ili pamsana nthawi zambiri zimathera mufoni, ndipo chotsekera chake ndi manambala anayi basi.

Vutoli si la lero. Katswiri wina wa masamu wa ku America, Robert Morris, yemwe anabadwa mu 1932 n'kumwalira mu 2011, analimbana nalo makompyuta akadali aakulu ngati kabati. Ankagwira ntchito ku Bell Labs, komwe kunapangidwa Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Kale mapasiwedi ankasungidwa momwe alili, moti amene watsegula failo yake wapeza makiyi a aliyense. Morris anakonza njira yoti pasiwedi izisandulizidwa kaye ndi masamu isanasungidwe.

Ganizirani za kufakitale. Masamba obiriwira akafota, kuphwanyidwa ndi kuumitsidwa, amasanduka tiyi wakuda, ndipo palibe angawabwezere kukhala obiriwira. Kompyuta imasunga "tiyi wakudayo". Mukalemba pasiwedi, imaidutsitsa m'makina omwewo n'kuyerekeza zotulukazo. Wakuba akaba failo, amapeza zophwanyikaphwanyika.

Koma mu 1979, Morris ndi mnzake Ken Thompson anafalitsa zomwe anapeza atafufuza mapasiwedi 3,289 a anthu enieni. Pa 100 alionse, 86 anali osavuta kulota: aafupi kwambiri, mayina, kapena mawu a mudikishonale. Mwaonatu? Loko anali wolimba, koma eni ake ankasiya kiyi pakhomo.

Tiyeni tiwerengere zathu. PIN ya manambala anayi ili ndi njira 10 × 10 × 10 × 10, zomwe ndi 10,000. Koma zaka zobadwa kuchokera 1950 kufika 2010 zilipo 61 zokha. Choipa kwambiri n'chakuti chakacho chinalembedwa pa chiphaso cha unzika, chomwe agogo amachisunga m'kachikwama kamodzi ndi foni. Wotola kachikwamako pa msika wa Bvumbwe safunikanso kulota.

Wina anandiyankha kuti, "Koma aphunzitsi, agogo amaiwala." Zoona zimenezo, ndipo kuiwala PIN kumavutitsa. Komabe yankho lake si kusankha nambala yoti mudzi wonse ukuidziwa. Khalani nawo pansi, asankhe okha nambala yosalembedwa pa pepala lililonse, ndipo aibwereze tsiku ndi tsiku mpaka ikhazikike ngati nyimbo ya kutchalitchi. Osailemba kuseri kwa foni. Wina akaimba n'kumati ndi wa ku ofesi ndipo akufuna PIN, dulani foniyo. Inunso musaiuze anzanu, ngakhale wapamtima.

Maganizo anga ndi akuti m'mabanja ambiri kuno, katswiri wa chitetezo ndinu, chifukwa ndinu amene mumawerenga mameseji ndi kutumiza ndalama. Morris anayamba ndi masamu omwewa mumawathawawa, ndipo mu 1986 boma la America linamulemba ntchito yoteteza makompyuta ake.

Homuweki ya lero ilibe malikisi: mukafika kunyumba, funsani mwaulemu ngati PIN ili chaka chobadwa. Ngati ndi choncho, isinthidwe malipiro asanalowe.